Osathamangila ku seva: data iyambe yagona m'foni

Pali cizolowezi cimene ise olemba mapulogilamu kuno ku Lusaka tinatengela pa YouTube osacifunsa mafunso. Munthu akangoganiza zopanga app, olo ikhale yolembela nkhongole pa kantemba, coyamba ni kutsegula akaunti pa cloud, kupanga database pa seva imene ili kutsidya kwa nyanja, na kulumikiza batani iliyonse kuti ikadinizidwa izitumiza uthenga kumeneko. Pa laputopu yathu, pa WiFi ya mu ofesi, zonse zimayenda myaa. Tsiku lokapeleka app kwa mwini wake m'pamene timakumbukila kuti si Lusaka yonse ili na WiFi. Amai a pa kantemba mu Kanyama adiniza batani yosungila, kabwalo kayamba kuzungulila, kasitomala waima na paketi ya shuga m'manja, bundle inatha m'mawa. Amai aja abweza foni m'cikwama, atenga kabuku kao na bolopeni. Kabuku kapambana, cifukwa sikapempha netiweki kuti kalembedwe.

Ise tikuona kuti ma app ambili amene tikupanga afunika kuyamba kusunga data m'foni momwemo, seva n'kubwela pambuyo, ngati ikufunika n'komwe. Ndipo pa nchito zambili, cida cokwanila ni kanthu kamene timakadelela cifukwa n'kang'ono: library ya key-value imene imakhala m'kati mwa pulogilamu yako. Sitikukamba kuti ni mankhwala a matenda onse. Ili na misampha yake, ndipo tifika pamenepo. Koma n'zomvetsa cisoni kuti ambili timamaliza kosi yonse ya database tikudziwa kujambula ma table makumi awili olumikizana, osamvapo kuti kanthu aka kaliko.

Key-value ni ciani? Kumbukilani pa khomo la supamaketi pomwe timasungitsa zikwama. Mwapeleka cikwama, akupatsani kanambala. Wosunga uja safunsa zimene zili m'kati, kaya ni mabuku, kaya ni kapenta. Mukabwela na kanambala, akubwezelani cikwama canu. Kanambala ndiye kiyi, cikwama ndiye value. Malamulo ake ni atatu cabe: ika, tenga, fafaniza, amene mu code timalemba put, get na delete. Ma library ambili amawonjezela cinthu cacinai cofunika kwambili: amasunga makiyi m'ndondomeko, ngati maina mu lejisita ya m'kalasi, cakuti ungayambile pa kiyi ina n'kumayenda kutsogolo imodzi-imodzi. Palibe SQL, palibe ma table, palibe join.

Nanga mau akuti embedded? MySQL na PostgreSQL ni mapulogilamu oima paokha. Amafuna makina oyaka usana na usiku, port, password, na munthu wowayang'anila, ndipo app yako imakambilana nao kupitila pa netiweki. Zili ngati pompi ya pa kiosk mu komboni: madzi aliko, koma ufunika kuyenda na cigubu, kuima pa mzele, na kupemphela kuti lelo atuluke. Library ya embedded ni dilamu ya madzi m'nyumba. Imalowa mu app yako pomanga, imalemba mu fayilo kapena foda ya pa foni, ndipo kuwelenga ni kuitana function cabe. Dilamu nayo ingabooke, ingabedwe. Koma pa ola limene ufuna kuphika nsima, madzi ali pafupi.

Ena amaona ngati izi ni za ana a sukulu, ati app yeniyeni ifunika seva. Mbili yake ikutsutsa zimenezo. Mu 1979, a Ken Thompson, mmodzi wa amene anapanga Unix, analemba dbm, ka library kosunga kiyi na value pa disk. Mu mzele womwewo munatuluka Berkeley DB, ku yunivesite ya California ku Berkeley. A Margo Seltzer na a Keith Bostic anatsegula kampani ya Sleepycat mu 1996 kuti aipititse patsogolo, ndipo Oracle inagula kampaniyo mu 2006. Mu 2011, a Jeff Dean na a Sanjay Ghemawat a ku Google anatulutsa LevelDB. Facebook inatenga LevelDB, kuikonza kuti ithamange pa ma SSD a m'maseva, n'kuitulutsa poyela mu 2013 na dzina lakuti RocksDB. A Howard Chu analemba LMDB kuti ilowe m'malo mwa Berkeley DB mu OpenLDAP, ndipo a Ben Johnson anatengela nzelu za LMDB polemba Bolt mu cinenelo ca Go.

Mwina lelo lomwe mwasewenzetsa imodzi mwa izi osadziwa. Webusaiti ikasunga zinthu mu IndexedDB pa Chrome, kwa zaka zambili pansi pake pakhala pali LevelDB. Tencent inapangila WeChat ka library kochedwa MMKV, ndipo manje aliyense angakasewenzetse pa Android na iPhone. Kubernetes, imene anzathu amakonda kuilemba pa CV, imasunga zonse zokhudza cluster mu etcd, ndipo etcd imazilemba mu bbolt, mwana wa Bolt uja. Olo Firestore ya Firebase, pa iPhone imasunga data ya pamene netiweki kulibe mu LevelDB. Cloud imene timaigwadila, ukaivundukula cibindikilo, upeza tumabokosi twa key-value tomwetu.

Cifukwa cake nkhaniyi ikutikhudza kuposa anzathu a ku Berlin kapena San Francisco tonse tikucidziwa, cifukwa tinacikhala. Mu 2024 cilala cinagwetsa madzi pa Kariba, boma linalengeza kuti cilalaco ni tsoka la dziko lonse mu February, ndipo pofika September malaiti anali kupita maola 17 patsiku, madela ena kuposelapo. Malaiti akapita kwa nthawi yaitali conco, si fuliji yokha imazima. Router imazima, mabatili a pa ma tower amatha, netiweki n'kuyamba kubwela na kupita. Koma msika suima. Ku Soweto anthu anali kugulitsa, zilimba zinali kusonkhedwa, a pa saluni anali kuluka tsitsi panja. App iliyonse imene inali kudalila seva kuti ilembe K20 inali yakufa pa maola amene bizinesi inali yamoyo. Ndipo kunja kwa Lusaka, munthu akapatuka pa Great East Road kulowa m'midzi ya ku Petauke kapena Katete, safunika cilala kuti netiweki isowe.

Palinso nkhani ya ndalama, mbali ziwili. Cloud imalipilitsa mu madola, ise timalandila mu kwacha, ndipo kwacha ikagwa bilu imakwela ife tili gone. Firestore imapeleka kuwelenga 50,000 na kulemba 20,000 patsiku kwaulele, zimene zimamveka zambili mpaka utalemba sikilini imene imawelenga mndandanda wonse wa makasitomala nthawi iliyonse ikatsegulidwa. Mbali ina ni ya wosewenzetsa app: ulendo uliwonse wopita ku seva ukudya bundle yake, osati yathu. Timalankhula za kuthandiza amalonda ang'ono-ang'ono, uku tikuwadyela ma MB kuti aone nambala imene analemba okha dzulo pa foni yomweyo.

Manje tibwele pa nchito yeniyeni, cifukwa apa m'pamene pali kukoma kwake na kuwawa kwake. Mu key-value, nzelu yonse imapita pa kapangidwe ka kiyi. Titenge kabuku ka nkhongole kaja. Kasitomala aliyense timupatsa nambala, tinene 0042, ndipo kiyi yakuti kas:0042 isunga dzina lake na nambala ya foni. Akatenga katundu pa nkhongole, tilemba kiyi yatsopano: nkh:0042:2025-03-14:0001, value yake ni ndalama na katundu amene watenga. Akabweza, tilemba kiyi ina ya mtundu womwewo, ndalama zake zili zocotsela. Cifukwa makiyi amasungidwa m'ndondomeko, zonse za kasitomala 0042 zimakhala moyandikana, kuyambila tsiku lakale mpaka lelo. Kuti tidziwe nkhongole yake, tiuza library kuti iyambile pa nkh:0042: n'kuwelenga mpaka ciyambi cimeneco citasintha. Basi. Ni cimodzimodzi na mmene amai aja amatsegulila peji ya munthu m'kabuku.

Muona ma zero amene taika kutsogolo kwa 42? Si zokongoletsa. Library imayala makiyi ngati zilembo, osati ngati manambala, ndiye 10 imabwela patsogolo pa 9, cifukwa imayamba na 1. Ukaiwala ma zero, ndondomeko imasokonekela pa nkhongole ya namba 10, ndipo suzidziwa mpaka munthu atabwela kudzadandaula. N'cimodzimodzi na deti: kuyamba na caka, kenako mwezi, kenako tsiku. Ukalemba mmene tinazolowela ku sukulu, tsiku poyamba, 1 April idzakhala patsogolo pa 2 January. Ndalama nazo tizisunge mu ngwee, nambala yathunthu: K25 ikhale 2500. Pa kompyuta, 0.1 kuphatikiza 0.2 sizipeleka 0.3 ndendende, ndipo tungwee tumene tumasowa m'njila imeneyi tokwanila kuyambanitsa anthu a mu cilimba cimodzi.

Kenako tsiku lina amai aja afunsa funso limene sitinalikonzekele: "Mwanangu, nanga lelo lokha nakongoza zingati?" Mu SQL ni mzele umodzi. Mu key-value, makiyi athu ayalidwa motsatila kasitomala, osati tsiku, ndiye tifunika kuwelenga zonse kapena kupanga kiyi yaciwili pa nkhongole iliyonse, monga tsiku:2025-03-14:0042:0001. Imeneyo ni index, ndipo woisamalila ndife. Apa pali msampha woyamba waukulu. Ngati app yafa titalemba kiyi yoyamba koma tisanalembe yaciwili, mabuku awili aja sagwilizananso. N'cifukwa cake LevelDB ili na WriteBatch, ndipo LMDB na bbolt zili na ma transaction: zolemba zingapo zimalowa zonse pamodzi, kapena palibe cimene cilowa. Library imene ilibe cinthu cotele tisaisungitse ndalama za anthu, olo ikhale yothamanga bwanji.

Msampha waciwili ni wa mau akuti "zasungidwa". Pulogilamu ikalemba mu fayilo, nthawi zambili data imayamba yakhala mu memory ya makina, kudikila kuti ilembedwe pa disk. LevelDB, ukaisiya mmene imabwelela, siidikila kuti disk itsimikize. App yokha ikafa, palibe cotayika. Koma makina onse akazima mwadzidzidzi, zolemba zomalizila zingasowe. Pali kosinthila kochedwa sync kamene ungayatse pa zolemba zofunika, ndipo mtengo wake ni kucedwa pang'ono. Pa Android, SharedPreferences ili na apply na commit: apply imabwelela pomwepo n'kukalemba pambuyo, commit imadikila n'kukuuza ngati zatheka. LMDB imatsimikiza pa disk pa commit iliyonse pokhapo utaiuza kuti isatelo, ndipo siilemba pamwamba pa peji yakale, imalemba yatsopano n'kusamutsa cisonyezo pothela, cakuti kuzima kwa pakati sikuononga fayilo. Kwa wolemba tutorial amene malaiti sanamupitilepo cibadwile, izi ni za m'mau a m'munsi. Kwa ise amene kompyuta ya pa till ili pa socket yopanda UPS, na foni imene batili yake imacoka pa 15 kufika pa 0 osatsanzika, ni peji yoyamba kuwelenga.

Pa intaneti mudzapeza mikangano yaitali yakuti yothamanga ni iti. Mwacidule, LevelDB na RocksDB zimayamba kulemba mu log na mu memory, kenako n'kumaphatikiza mafayilo pang'ono-pang'ono kumbuyo, ndiye zimalimba pa kulemba kwambili. LMDB na bbolt ni mtengo wa B+ umene umawelengedwa molunjika kucokela mu fayilo, wolemba mmodzi pa nthawi imodzi, owelenga ambili, ndiye zimalimba pa kuwelenga. Koma tinene zoona: kantemba kolemba nkhongole makumi atatu patsiku sikadzaona kusiyana kumeneku mpaka Yesu adzabwele. Tisataye sabata pa ma benchmark. Tisankhe imene ikugwilizana na cinenelo cathu, imene ili na transaction, na imene ikali kusamalidwa.

Tikudziwa zimene ena a imwe mukukamba kale: nanga foni ikabedwa pa City Market? Nanga ikagwela mu beseni yocapila? Funso ili n'lolemela, ndipo amene amalinyalanyaza akusewela na capital ya munthu. Data imene ili pa malo amodzi cabe ili pa ngozi, kaya malowo ni foni kapena seva. Yankho lathu si lakuti seva isakhaleko. Tikukamba za ndani ayamba. App ilembe m'foni, iuze munthu kuti zatheka, ndiye pambali iike kiyi ina mu mzele wa zotumiza, monga tumiza:000381. Netiweki ikabwela, kaya ni pakati pa usiku, app iwelenga mzele uja, itumiza, seva ikavomela n'kufafaniza kiyi. Wogulitsa sanadikile ciliconse. Seva yasanduka kosungila kopi, ndipo ingakhale yaing'ono na yochipa cifukwa siikufunsidwa pa kudiniza kulikonse. Pa app ina olo seva siifunika: batani yotulutsa fayilo ya backup imene munthu angaiike pa memory card kapena kudzitumizila yekha ni yokwanila.

Kutumiza kumeneku kuli na minga yake, ndipo sitibisa. Netiweki ingaduke seva italandila kale koma yankho lisanafike ku foni. App idzatumizanso, ndipo ngati sitinaganizile, K50 imodzi yalembedwa kawili. Mankhwala ake ni kupatsa colemba ciliconse nambala yakeyake yopangidwa pa foni, monga UUID, kuti seva ikaiona kaciwili ingoti iyi nili nayo kale. Minga ina imabwela mafoni akakhala awili, ya amai na ya mwana wao amene amatsala pa kantemba masana. Onse akamasintha kiyi imodzi ya balansi, wotumiza pothela amafafaniza za mnzake. N'cifukwa cake m'citsanzo cathu sitinasunge balansi. Tasunga zocitika, kutenga na kubweza, ciliconse na kiyi yake, balansi n'kumawelengetsedwa kucokela pamenepo. Zocitika za mafoni awili zimangophatikizana popanda ndeu. Kabuku ka pepala kanali kucita conco kuyambila kale: mzele watsopano pa nkhani iliyonse, osafuta wakale.

Kusunga data m'foni kumatipatsanso udindo wa cinsinsi. Maina, manambala a foni na nkhongole za anthu ni nkhani zaumwini, ndipo Zambia ili na lamulo la Data Protection Act la 2021 limene limafuna kuti wosunga data yotele aiteteze. LevelDB siibisa ciliconse payokha. Amene wapeza mafayilo angawelenge. MMKV na Hive ya Flutter zimalola kubisa data na AES, koma kiyi yobisila isalembedwe m'kati mwa code, pakuti kutsegula APK n'kuipeza si nchito yovuta. Malo ake ni Android Keystore kapena Keychain ya iPhone. Ubwino wake ulipo: data imene siinacoke m'foni siingabedwe pamodzi na ya anthu zikwi zina pa seva imodzi imene tinaiwala kuitseka.

Funso lina limene timalilemekeza ni lakuti: bwanji osangosewenzetsa SQLite? Nthawi zambili yankho ni lakuti inde, isewenzetseni. SQLite nayo ni embedded, fayilo imodzi, palibe seva. A D. Richard Hipp anaiyamba mu 2000, ni ya aliyense popanda laisensi yolipila, ili kale mu foni iliyonse ya Android na iPhone, ndipo oisamalila analonjeza kuicilikiza mpaka 2050. WhatsApp ya pa Android imasunga mauthenga anu mu SQLite, n'cifukwa cake mumawelenga macheti akale bundle itatha. Ngati mafunso amene app idzafunsidwa ni ambili ndipo amasintha, lipoti ya mwezi, katundu wogulidwa kwambili, amene sanabweze kwa masabata awili, SQLite idzakupulumutsani ku nchito yomanga ma index pamanja. Tikaona kuti tapanga kiyi yacitatu na yacinai pa cinthu cimodzi, tivomele kuti tikumanga SQL yopunduka, tisamuke. Olo Python, kuyambila pa 3.13, module yake ya dbm imasankha SQLite pansi pake ikapezeka. Mkangano wathu suli pakati pa key-value na SQLite. Onse awili ali mbali imodzi, ya data yokhala pafupi na mwini wake.

Pomwe key-value imawala ni pomwe funso ni limodzi ndipo limadziwika: nipatse cinthu ca kiyi iyi, kapena zonse zoyamba na mau awa. Zosankha za wosewenzetsa, token yolowela, cache ya mayankho a API kuti sikilini itseguke olo netiweki kulibe, fomu imene munthu anaidzaza theka, mzele wa zotumiza uja, manambala a sensa pa ka Raspberry Pi koyang'anila pampu ya solar pa famu ku Chongwe, bot ya Telegram imene ifunika kukumbukila pomwe munthu anafika. Pa zinthu zotele, kuimika PostgreSQL kuli ngati kubweleka Canter kuti ukatenge buledi.

Koma pali cizolowezi cina coipa ca mbali inayo, ndipo tacionapo mu code yathu yomwe. Munthu atenga mndandanda wonse wa makasitomala, ausandutsa JSON imodzi yaikulu, n'kuuponya mu SharedPreferences pansi pa kiyi imodzi. SharedPreferences ni fayilo ya XML imene imakwezedwa yonse mu memory ndipo imalembedwanso yonse ukasintha kanthu kamodzi. Mwezi woyamba zimayenda. Mwezi wacisanu na cimodzi, foni ya RAM yocepa iyamba kuuma potsegula app, mwini wake n'kumaganiza kuti yalowa virus. Google yomwe inatulutsa Jetpack DataStore mu 2020 kuti ilowe m'malo mwake, ndipo nayo ni ya tunthu tocepa. Kukhala na kiyi na value sikupangitsa cinthu kukhala database.

Library iliyonse ili na malile ake, ndipo amene saawelenga amakumana nao usiku. LevelDB imalola process imodzi cabe kutsegula database pa nthawi imodzi. Yaciwili imakanidwa pa khomo. LMDB imafuna kuti uneneletu kukula kwa malo ake, ndipo mu Python ukasiya mmene ilili ni pafupifupi 10 MB. Ikadzala imakana kulemba na uthenga wakuti MDB_MAP_FULL. Kiyi yake nayo siipitilila ma byte 511 ngati sunasinthe pomanga. Amene akuona ngati izi n'zazing'ono akumbukile zimene zinacitikila Bitcoin mu March 2013. Version 0.8 inali itasamukila ku LevelDB, pamene makompyuta ambili anali akali pa version yakale ya Berkeley DB. Kunabwela block yaikulu imene inafuna ma lock oculuka kuposa malile amene Berkeley DB inaikidwa. Makompyuta akale anaikana, atsopano anailandila, ndipo kwa maola angapo kunali mabuku awili osiyana a ndalama imodzi, mpaka okumba akuluakulu anagwilizana kubwelela ku version yakale. Cinagawa netiweki ya dziko lonse inali nambala imodzi ya mu kasungidwe ka library imene anthu sanali kuiganizila.

Tiyang'anenso amene ali kumbuyo kwa library tisanaikwatile. A Ben Johnson anafika poimitsa nchito pa Bolt, ndipo cinaipulumutsa n'cakuti a etcd anapitiliza na bbolt. Oracle inasintha laisensi ya Berkeley DB kukhala AGPL mu 2013, ndipo mapulojekiti ambili anayamba kufuna kolowela. Ma package a Flutter na React Native amabadwa na kusiyidwa mofulumila kuposa apa. Njila yodzitetezela ni yosavuta: code yonse ya app isamaitane library mwacindunji. Tilembe ka class kathu kamodzi kokhala na ika, tenga, fafaniza na yenda, library n'kubisala kumbuyo kwake. Tsiku losamuka tidzasintha fayilo imodzi. Ndipo mu value iliyonse tiikemo nambala ya version ya kapangidwe kake, cifukwa key-value siidziwa kuti caka catha kasitomala analibe malo olembapo komwe akhala. App yatsopano ikakumana na value yakale, ifunika kudziwa cocita nayo.

Cimene tikupempha kwa anzathu a m'makalasi a kompyuta ku UNZA, CBU na Evelyn Hone, na amene timakumana pa zocitika za ku BongoHive, ni kusintha mayeso amene timapatsa app tisanaionetse anthu. Pa demo tonse timafunsa ngati WiFi ili bwino. Tiyambe kucita zosiyana. Ikani foni pa airplane mode, lembani nkhongole zisanu. Iphani app pakati pa kulemba yacisanu na cimodzi, muitsegulenso, muwelenge zimene zatsala. Zimitsani foni yonse mwadzidzidzi, muyatse, muonenso. Yatsani data kwa masekondi khumi, muzimitse pakati pa kutumiza, muyatsenso, kenako mukawelenge pa seva ngati pali cimene calowa kawili. Mukamaliza, cotsani app, muiikenso, muone ngati backup ikubweza zonse mpaka ngwee yomaliza. Mayeso amenewa muwacite pa foni yochipa ya storage yotsala pang'ono kudzala, imene ili ngati ya amai a mu Kanyama aja, osati pa yanu.